A Taipi ndi Maina a Amene Sanasanze

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, patatha chaka chimwalirireni. Abusa amene anayendetsa mwambowo ndi achilendo, anafika ku Thyolo kuno azakhaliwo ali kale m'manda, ndiye polalikira anati tinataya mayi wofatsa, wosadziwa kubweza mawu. Amayi a mumpingo anayang'ana pansi. Ine ndinaluma nsonga ya chitenje kuopa kuseka pamanda. Mwa zonse zimene Mulungu anawapatsa mayi amenewa, kufatsa anawamana, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita dala.

Pamwala tinalembapo Felesiya, dzina lawo laubatizo, koma kuchokera ku Bvumbwe mpaka ku Khonjeni simukanapeza nalo nyumba yawo. Aliyense ankati a Taipi. Iwo ndiwo anali mkazi woyamba kukhala pa makina otaipira mu ofesi ya esiteti ya tiyi imene tonse tinakulira, nthawi imene mkazi akaoneka mu ofesi ndiye kuti wabwera kudzakolopa. Nawonso analowamo ndi tsache. Koma posesa ankaba ndi maso mmene zala za kalaliki zinkayendera, kenako anajambula zilembo zonse za makinawo pa chikatoni n'kumakaphunzira kunyumba. Tsiku lina kalalikiyo atagona ndi malungo, makalata ataunjikana, iwo anaimika tsache pakona n'kukhala pampando wake popanda wowauza. Pampandopo anadzachokapo ali ndi imvi.

Ndiwonso anali mkazi woyamba kuno kwathu kulemba buku la nkhani yaitali m'Chichewa n'kulitulutsa m'dzina lake. Za kwina sindikudziwa. Ndikunena za kuno, kumene ndinaona ndi maso anga anthu akusuzumira pawindo la ofesi kuti aone ngati mkazi wolemba buku ali ndi mutu wofanana ndi wa anzake. Komabe chuma chawo chachikulu sichinali bukulo. Anali maina a anthu akufa amene analonjeza kuti adzawasunga mpaka m'manda, ndipo ndikufuna kunena mmene anawasungira ndi tsiku limene anawamwaza.

Anali aafupi, a mapazi aang'ono, oyenda mofulumira ngati asiya ndiwo pamoto. M'duku mwawo simunkasowa pensulo, ndipo ambulera yakuda ankayenda nayo kaya kuli mvula kaya dzuwa likuswa mtengo. Polankhula sankapsatira mawu. Akakwiya pang'ono ankakukalipira m'Chichewa, akakwiya kwambiri m'Chilomwe, koma ukamva ayamba Chingerezi cha m'makalata a kampani, chija choyamba ndi ulemu wambiri, unkadziwa kuti zako zada. Ukwati anaulawa zaka ziwiri. Bamboyo atadandaula kuti m'nyumba mwachuluka mapepala kuposa ndiwo, iwo anamuthandiza kumanga katundu, ndipo popeza kuno mwamuna ndiye amakhala kwawo kwa mkazi, nkhani inathera pomwepo.

Bukulo analitcha Amene Sanasanze. Ndi nkhani yopeka, koma yomangidwa pa zimene zinkachitikadi m'masiku a thangata, makolo athu Alomwe atangowoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki n'kupatsidwa pokhala m'minda ya azungu posinthana ndi thukuta. Muli mkazi wina wamasiye, woumba mbiya, wosachedwa kuyankha. Ana atayamba kufa ndi nthomba m'mudzimo, anthu akumuloza chala n'kumutengera kunkhalango kukamwa mwabvi. Kwa ana a masiku ano ndifotokoze. Mwabvi unali madzi a khungwa la mtengo wina wakupha, amene ankamwetsa munthu woganiziridwa ufiti. Akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, abale ake ankaimba nthungululu. Akapanda kusanza ankafa, ndipo imfa yakeyo ndiyo inali umboni. Boma linali litaletsa, koma anthu ankachitabe mobisa. Wofa ndi mwabvi sankamuika kumanda. Ankamutaya m'khwawa, osamulira maliro, ndipo chimene ankakwirira ndi dzina lake: silinkatchulidwanso, ngakhale kupatsidwa kwa mwana wobadwa. Ana ake ankangouzidwa kuti mayi wanu anabwerera kwawo kutsidya. Pambuyo pake kampani inabzala tiyi mozungulira makwawa amenewo, ndipo ife takhala tikuthyola masamba m'mphepete mwake osadziwa kanthu.

Zimenezi a Taipi sanaziwerenge m'buku la munthu, anachita kuziyendera. Loweruka masana akaweruka, ndi Lamulungu akatuluka m'tchalitchi, ankadutsa m'minda ya tiyi kupita kwa nkhalamba za ku Khonjeni ndi ku Nchilamwela. Kutuma munthu sankafuna, ankati kandimverere anakanena za m'maluwa. Akafika sankatulutsa kope, ngakhale pensulo ija inkakhala m'duku momwemo. Ankakhala pansi n'kumathandiza kusenda nandolo kapena chinangwa cha makaka. Ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu ankangocheza za mvula ndi za nyamakazi. Ankati nkhani yowawa imatuluka manja akakhala otanganidwa, maso ali m'lichero.

Asanamve kanthu ankayamba alonjeza kaye: nkhaniyo adzailemba, koma dzina la wakufayo ndi la banja lake silidzatuluka pakamwa pawo kapena kugwa pa pepala mpaka tsiku lawo lomaliza. Anthu ankaopa, ndipo kuopako kunali ndi chifukwa. Kuno kwathu amati ufiti umayenda m'magazi, moti mtsikana akadziwika kuti agogo ake sanasanze, ukwati unkamulambalala. Choncho m'makope awo onse munali maina opeka okhaokha. Enieniwo ankawasunga m'mutu. M'mawa uliwonse posesa pabwalo milomo yawo inkagwedezeka, ndipo ine kwa zaka zambiri ndinkati akupemphera. Anadzandiuza okha kuti ankatchula akufa aja mmodzimmodzi, mudzi ndi mudzi, kuopa kuti wina angawatayike n'kufa kachiwiri.

Amene anawavutitsa kwambiri inali nkhalamba ina ya ku Nchilamwela, mwana wa mapondera, munthu uja ankasinja mwabvi n'kumwetsa anthu. Anaiyendera zaka zitatu. Inkawathamangitsa, iwo n'kubwereranso ndi kamchere m'pepala ngati sipanachitike kanthu. Itamva m'thupi kuti masiku atha, inawaitanitsa yokha n'kuwauza zimene inaona ili mwana: kuti bambo ake asanasinje ankayamba amva kaye kwa akuluakulu kuti ndani amene mudzi watopa naye, ndipo pankakhala miphika iwiri, wina wa anthu oti asanze, wina wa oti asasanze. Tsiku limenelo azakhali anayenda kuchokera ku Nchilamwela mpaka kunyumba mvula ikugwa, ambulera ili m'khwapa osatsegula. Miphika iwiriyo ndiyo inakhala pakati penipeni pa buku lawo.

Analitaipa mu ofesi momwemo nthawi ya nkhomaliro, anzawo akudya, pa mapepala amene ankakagula okha ku Limbe. Litatha anakwera nalo basi kupita kwa osindikiza ena a mishoni. Akuluakulu a kumeneko analiwerenga, analikonda, koma anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, pachikuto pangokhala chilembo choyamba cha dzina, kuti ogula aziganiza kuti wolemba ndi mwamuna. Chachiwiri, mathero asinthe, mkazi woumba mbiya uja avomere kuti analidi mfiti, alape, abatizidwe, kenako afe mumtendere, kuti owerenga atolepo phunziro. Azakhali anamanga mapepala awo ndi chingwe chomwe anabwera nacho.

"Mukafuna mfiti yolapa lembani yanu, abambo. Wangayu sanalakwe, alapa chiyani?"

Mapepalawo anagona m'bokosi lachitsulo zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka kumeneko kutabwera anthu ena amene anachita kuwalembera kalata okha. Bukulo linatuluka mmene analilembera, Felesiya yense ali pachikuto.

Litatuluka kunabwera bambo wina wa tayi wochokera kusukulu ya ukachenjede, ndi makina ojambulira mawu, kudzafunsa mwaulemu kuti kodi ndi mphunzitsi uti kapena mbusa uti anawathandiza kulemba. Azakhali anamupatsa mpando ndi nthochi, n'kumufunsa tsamba limene likumukayikitsa. Atatchula, anamuuza kuti atsegule azitsatira ndi chala, iwo n'kunena tsambalo pamtima kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kumuonetsanso pamene osindikiza anadumpha mzere. Bamboyo nthochi zija anakadyera m'basi. Kutchalitchi nakonso ena ankanong'ona kuti bukulo likuikira kumbuyo afiti. Iwo ankayankha kuti sanalembe kuti ufiti ulipo kapena kulibe, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Chimene analemba n'chakuti chala chimakonda kuloza munthu amene alibe womuyankhulira.

Ine ndinakangana nawo kosawerengeka. Ndine namwino pa kachipatala ka esiteti, ndipo maso awo atayamba kufooka ndinkapita ndikaweruka kukawawerengera zimene ataipa za buku lachiwiri, lonena za amayi okalamba amene akunamiziridwa ufiti masiku athu ano. Kutaipa ankataipabe, zala zinali ndi maso akeake. Ankati ndimawerenga ngati ndikuitana odwala pamzere. Ndikadumpha liwu ankagogoda ambulera pansi. Ndikayamikira chiganizo ankachichotsa tsiku lomwelo, ati chikandikomera ine Aginesi ndiye kuti chachuluka shuga. Ndinkabwerera kwathu nditalumbira kuti sindidzapitanso, mawa lake n'kupezeka ndili pakhonde lomwelo.

Tsiku limene ndikufuna kunenali linadza iwo atapuma kale ntchito, ng'ala itawatseka maso onse awiri moti ankangoona mthunzi wa munthu. M'mudzi wathu wa m'malire mwa esiteti munkakhala mayi wina wokalamba, a Esitere, amene anabwera okha nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, opanda mwana, opanda mlongo. Ankaphika kalongonda n'kumagulitsa kwa othyola tiyi pa shedi yoyezera masamba. Kalongonda mukumudziwa, nyemba zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi, chifukwa ukazichepetsera moto zimazunguza mutu, mwinanso kupha. Kudya kalongonda wa munthu ndi kumukhulupirira. Kwa zaka zambiri mudzi wonse unkadya wa a Esitere.

Ndiye kunamwalira mwana, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, mwana wa mlongo wawo wa a Laisoni, kapitawo wa kumunda. Anabwera naye kuchipatala kwathu mochedwa. Anali malungo aakulu, ndinamuyeza ndi manja angawa. Koma pobwebweta mwanayo anatchula a Esitere kawiri, ndipo wina anakumbukira kuti dzana lake anamuona akudya kalongonda pakhonde pawo. Pofika tsiku loika maliro nkhani inali m'kamwam'kamwa. Mawa lake masana, sikelo itatsekedwa, anthu sanabalalike. Anatsika ndi madengu awo kumsana kulunjika kwa a Esitere, ndipo m'madengumo munali miyala.

Ine ndinathamangira kwa azakhali kukawatsina khutu kuti asatuluke m'nyumba. Kumeneku kunali kupusa kwanga, chifukwa munthu amene ndinamudziwa moyo wanga wonse ndikanadziwa kuti ndachita kumuitana. Anangofunsa kumene kunali ambulera, n'kunditambasulira dzanja kuti ndiwatsogolere. M'njira ndinalankhula zonse, kuti ndi okalamba, kuti anthu akapsa mtima saona nkhope, kuti tatumiza kale uthenga kwa oyenera. Anandiyankha kuti uthenga umayenda pa kabaza koma mwala umauluka, ndifulumize mwendo.

Titafika tinapeza anthu atazungulira kanyumbako, ena atayamba kuzula udzu wa padenga. A Esitere anali atakhala pakhomo, atatambalala, magazi akutsika pachipumi pomwe mwala woyamba unawapeza, osalira, osapempha. Ndinene zoona, popeza mwini nkhaniyi sankanama: titafika kumbuyo kwa gululo ndinataya dzanja la azakhali. Ndinaima kuseri kwa bulugama ndi yunifolomu yanga yoyera, ine amene ndinkadziwa chimene chinapha mwanayo, ndipo sindinatsegule pakamwa. Manyazi ake ndikadali nawo.

Iwo anapitirira okha, akufufuza njira ndi nsonga ya ambulera, akugunda akakolo a anthu, anthuwo n'kumapatuka. Atafika pakhomo anakhala pansi pafupi ndi a Esitere n'kuwalonjera m'Chilomwe, moni wautali uja wofunsa mmene agonera ndi mmene miyendo ikuchitira, ngati akumana kuchigayo. Kenako anapempha kalongonda. A Esitere anawayang'ana ngati sanamve. Anapemphanso, ndipo mayiwo anakwawa kukatenga mphika womwe uja ankaphikira masiku onse. Azakhali anadya. Anadya mosafulumira, nyemba imodziimodzi, akusenda khungu ndi zala, n'kudandaula kuti mchere wachepa. Pabwalo panali zii, moti ndinkamva madengu akulira pamisana ya anthu.

A Laisoni ndiwo anayamba kulankhula. Anali munthu wa ulemu wake, ndipo maso anali akadali ofiira ndi maliro.

"Amayi, chokanipo apo. Izi sizikukukhudzani. Mwana wathu tamuika dzulo."

"Ndamva, Laisoni. Pepa, mwana wanga, maliro a mwana ndi owawa," anatero azakhali. "Koma mayi uyu mukatha mukamutaya kuti? Kukhwawa la kumunda wa nambala seveni? Kumeneko kunadzaza kale. Kuli agogo anga."

Anatchula dzina. Linali dzina lakale la Chilomwe limene ndinali ndisanalimvepo, la mayi amene anabala agogo anga. Ife tinkauzidwa kuti anabwerera kutsidya. Azakhali ananena mokweza kuti mayiyo anamwa mwabvi osasanza, ndiye ngati ufiti uli m'magazi, woyamba kugendedwa akhale iwo, wachiwiri namwino uyo wabisala pabulugamayo. Mmene anadziwira pamene ndinaima, munthu wosaona, sindikudziwa mpaka lero.

Ndinkaganiza kuti athera pamenepo. Koma anthu anali asanatule madengu. Wina kumbuyo anakuwa kuti n'chifukwa chake akuikira kumbuyo mfiti inzawo, ndipo mwala unagwa padenga, wina pakhoma. Apo ndinaona azakhali akupukuta zala pachitenje nthawi yaitali, mutu uli pansi. Kenako anayamba. Ankazindikira munthu ndi mawu ake, n'kumutchula, n'kutchula amayi ake, n'kutchula wa m'banja mwake amene sanasanze, ndi khwawa limene anatayidwa. Iwe wakuti, agogo ako. Iwe mkazi wa uje, azakhali a bambo ako. Mudzi ndi mudzi, monga ankachitira posesa, koma tsopano mokweza. Zaka zonse zija za malonjezo anazikhuthula pabwalo la a Esitere m'nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Ndinawaopa tsiku limenelo, mantha aja munthu amamva mphezi ikagwa pafupi. Mwa mabanja onse amene anaima pamenepo silinatsale ndi limodzi lomwe. Wopanda wake m'makwawa athu anali mmodzi yekha, mlendo uja anthuwo anabwera kudzamugenda.

Atafika pa a Laisoni, bambowo anadziwa chimene chikubwera. Anatseka makutu ndi manja n'kuyamba kukuwa, kukuwa kopanda mawu, kuti asamve. Koma amayi awo, nkhalamba ya ndodo imene inaima kutsogolo, anamva. Iwo ndiwo anauza azakhali dzinalo zaka zambiri m'mbuyomo, akusenda nandolo, atalonjezedwa. Anali kamtsikana pamene amayi awo anatengedwa kupita kunkhalango. Anataya ndodo, anakhala pansi m'fumbi, n'kuyamba kulira maliro amene anawaletsa kulira ali mwana. Mayi wina anawalandira, kenako wina. Sindinaonepo chinthu chotero ndipo sindidzachionanso: anthu amene anabwera kudzapha anakhala pansi, madengu a miyala ali kumsana, n'kumalira anthu amene anafa iwo asanabadwe. Amuna anachoka mmodzimmodzi. Dzuwa lisanalowe ndinasoka bala la a Esitere, azakhali akundiuza kuti ndikuchedwa.

A Esitere anakhalanso zaka zisanu ndi ziwiri, anamwalira ndi chifuwa pamphasa pawo, ndipo anaikidwa kumanda ngati munthu. Koma musaganize kuti mudzi unawathokoza a Taipi. Maukwati awiri amene anali pafupi kumangidwa anathera panjira. Amayi a a Laisoni sanawalankhulenso, ndipo dzina lija sanalitchule kwa ana awo mpaka kufa. Bambo anga, mlongo wawo weniweni, anatha zaka zitatu osaponda pakhomo pawo. Ndikawatsogolera kwa nkhalamba za ku Khonjeni tinkapeza lichero lalowetsedwa m'nyumba, n'kuuzidwa kuti agogo agona. Palibe anawauzanso kanthu. Buku lachiwiri linaima pakati pa mutu wachisanu, ndipo silinapitirirenso.

Ndinawafunsa kamodzi ngati ankanong'oneza bondo. Ndinkayembekezera kuti ati ayi, monga amayankhira anthu a m'mabuku. Anati inde, tsiku lililonse. Anati anthu aja sanalakwe kuwatsekera zitseko, chifukwa anawapatsa chinthu chimene sanapatse ngakhale ana awo, ndipo amene anaphwanya lonjezo ndi iwo, ine ndisayambe kuwayeretsa. Koma anati akufa akanatha kudikira, a Esitere ayi, ndipo patsikulo m'manja mwawo munalibe china chotchingira mwala. Kuyambira pamenepo posesa milomo yawo sinkagwedezekanso. Ankati maina anawabwezera eni ake, kaya eniwo anawatola kaya anawasiya pansi. Anamwalira nthawi ya chiperoni, m'mawa, atangondikalipira kuti phala lachita madzi.

Loweruka lija, titachoka kumanda, anthu atabalalika, ndinapita kukatseka mawindo kunyumba kwawo. Ndinapeza a Laisoni ataima pabwalo, chipewa kumanja. Tsopano akalamba, ukapitawo anausiya kalekale. Zaka zonsezi akawaona azakhali akubwera ankakhotera njira ina. Titalonjerana anati:

"Anamwino, mwana wanga wamkazi anachira mwezi watha, kunabadwa mtsikana. Andipatsa ine kuti ndimutche dzina. Ndimafuna la agogo aja. Kodi mayiwa sanalembe penapake?"

Anali atazungulira kale mudzi wonse kufunsa amene analipo tsiku lija. Aliyense ankakumbukira dzina limodzi lokha, la kwawo. Inenso chimodzimodzi. Lawo analikwirira okha ndi kukuwa kuja. Tinatsegula bokosi lachitsulo n'kuvundukula makope onse mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikuwerenga mokweza, iwo akutchera khutu, ngakhale ndinkadziwa kale kuti simuli kanthu. Pa pepala a Taipi sanaphwanyepo lonjezo.

Atatopa anatuluka n'kukakhala pansi pakhonde, moyang'anizana ndi pomwe azakhali ankakhala, mmene munthu amakhalira akabwera kudzapepesa kwa wamkulu. Pamenepo palibe kanthu tsopano. Mpando anatenga achibale, patsala timaenje tinayi pomwe miyendo yake inadya dothi, ndi kadontho kakuda pakhoma pomwe mutu unkatsamira. Mavu amanga chisa pamwamba pa chitseko. Mapeyala akugwa okha n'kuolera pansi, nkhuku za oyandikana nawo zikujompha. Kanjira kochokera kuseri kwa nyumba kulowa m'munda kamera chisoso, nthambi za tiyi zagwirana pakati, moti wosadziwa sangaone kuti panali njira. A Laisoni anakhala pamenepo mpaka nkhungu inayamba kutsika m'phiri, ine ndikudikira ndi makiyi m'manja. Mwanayo anatuluka m'chikuta masabata atatu apitawo, ndipo kwawo akumuitanabe kuti Mwana.